Mwana wa sukulu wa a Namakhwa

Lachiwiri lapitali ndinali pamzere wa msonkho pa Chinakanaka, pansi pa mtengo wa mango pomwe kalaliki wa boma amaika tebulo lake. Patsogolo panga panali a Namakhwa, anzanga oyandikana nawo nyumba, atagwira dzanja mwana wawo Lusiyano.

Ndati mwana. Lusiyano ameneyu amathyola tiyi ku esiteti, ndipo dengu lodzaza amalinyamula ndi dzanja limodzi. Koma tsikulo anavala kabudula wa mng'ono wake, ndevu atazipala mpaka chibwano mbuu, sileti ili m'khwapa. Mukudziwa inu kuti ana a sukulu sakhoma msonkho.

"Uyu ndi mwana wanga, bwana," anatero a Namakhwa. "Amadya m'manja mwanga. Ali Sitandade 2."

Kalaliki anayang'ana kabudula uja, msoko uli pafupi kuphulika, kenako miyendo yaubweya. "Wakulatu msanga."

"Ndi mtundu wathu, bwana. Kwathu ku Milanje, kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, timabadwa ataliatali."

Mzere wonse tinaluma milomo. Ndani angaulule mnzake pamaso pa boma? Kalalikiyo, dzuwa litamutopetsa, anali ataviika kale cholembera mu inki kuti amukhululukire.

Apo ndi pomwe a Muhowa anatsokomola kumbuyo kwanga. A Muhowa ndi malume ake a Dailesi, mtsikana yemwe Lusiyano akufuna kukwatira.

"Pepani a Namakhwa, ndingofunsa kuti ndimvetse. Paja mwezi wathawu munatuma ankhoswe kwathu, akuti mnyamata wanu ndi munthu wamkulu, wodziwa khasu, wokhoza kumanga nyumba? Ngati ali Sitandade 2, ayambe wamaliza sukulu. Dailesi sitingamupereke kwa mwana."

Tonse tinatembenukira kwa Lusiyano.

Lusiyano anaika sileti pansi, nalankhula ndi mawu ake enieni, aja amagwedeza tchalitchi akamaimba besi. "Bwana, lembani dzina langa. Ndikhoma ndekha." Anamasula kansalu m'chiuno, ndalama zili momwemo.

"Iwe, wazitenga liti zimenezo?" anafunsa atate ake.

"Ndinadziwa kuti kabudulayu satifikitsa patali, bambo."

Tinaseka mpaka misozi, kalaliki yemwe atagoneka mutu patebulo. A Muhowa anamugwira chanza mkamwini wawo wam'tsogoloyo ndi manja awiri.

Tsono musafulumire kuwaseka a Namakhwa okha. Msonkho ukuwawa, tonse tikudziwa. Alipo amene nyengo ino amawoloka Muloza kukabisala kwa abale, n'kukapeza Apwitikizi nawonso akufuna wawo. Bambo wofuna kupulumutsa mwana wake sindingamuweruze.

Koma taonani khalidwe lathu makolofe. Pa nthawi yolima, mwana ndi wamkulu: "Dzuka, ndevu zonsezo ukugonabe?" Akalandira malipiro ku esiteti, ndi wamkulu ndithu, agule mchere ndi sopo. Koma ayerekeze kuyankhapo pa nkhani ya munda wa banja, kapena anene kuti akufuna kukayesa ntchito ku Limbe, pomwepo wasanduka khanda: "Ukudziwa chiyani iwe, mwana wa dzulodzulo?" Msinkhu wake umatalika ndi kufupika malinga ndi zomwe ife tikufuna tsiku limenelo. Nanga iyeyo adzidziwa bwanji kuti ndi ndani?

Pobwerera ndinayenda ndi a Namakhwa, sileti atanyamula okha. Titayenda mtunda wautali, anati, "Achimwene, si ndalama ayi. Ndi dzana lomweli ndinkawoloka naye Muloza ali paphewa, atandigwira makutu." Anaseka, koma m'maso munali mutalengeza misozi.

Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala. Zoona. Koma patsogolo pathu Lusiyano ankayenda monyada, chiphaso cha msonkho chili m'manja, akuonetsa aliyense wokumana naye. Pepala lomwe enafe timalitukwana, iye linamuuza zomwe kwawo anali asanamvepo.

Inu kwanuko, mwana wanu wandevu uja munamuuza kale kuti wakula, kapena mukudikira kalaliki wa msonkho kuti akamuuze?