Chipata cha Makatoni

Ndimalimvabe fungo la phala la chinangwa lomwe tinkamatira makatoni a sopo, likusasa padzuwa la Okutobala, nyenje zikulira kuseri kwa kalasi. Tinali Fomu 1. Aphunzitsi a Mbewe anatola buku lothothoka chikuto m'bokosi la mabuku ongopatsidwa, n'kulamula kuti pa tsiku la makolo tidzachite sewero la munthu wa m'bukumo. Anali mkulu wankhondo wa ku Mangalande, wa kalekale, nkhondo ikadali ya malupanga ndi akavalo. Dzina lake ndinaliiwala dala, koma mbiri yake inandikakamira. Anamenyera nkhondo mfumu yake kutsidya la nyanja, mfumuyo n'kumupatsa minda ndi nyumba ya malinga. Itafooka, anathawira kwa adani ake. Adaniwo atagonja, anabwerera n'kupatsidwa unduna, ndipo anafa ndi ukalamba, pabedi. Aphunzitsi ankamutama kuti ameneyo ndiye ankadziwa zoti papsa tonola.

Mwezi wonse tinkatsalira anzathu akaweruka. Atsikana ankasoka mbendera za matumba a feteleza, ife tinkadula nsungwi kudambo ndi kutola timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a fodya, tomata pazishango. Chisoti cha mkulu wankhondoyo chinali chitini cha mafuta ophikira, ndipo anachivala ndi Dalitso, mwana wa ahedi, poti Chingerezi chake chinali chosalala. Ine anandipatsa nthungo ndi chipata. Mlonda analibe mawu: kuima, kutsegula, kutseka. Koyambirira kwa sewero mfumu inkandilamula kuti mkulu wankhondo wopandukayo asadzalowe. Kumapeto wopanduka yemweyo ankafika pakavalo wake, anyamata awiri ofunda bulangete, ine n'kumugwadira. Tsiku lina ndinafunsa kuti mlondayo akanasintha mbali zikanamuthera bwanji. Aphunzitsi anaseka. "Akanamupachika m'mawa womwewo. Iwe ima basi."

Tsiku litakwana makolo anadzaza pansi pa mitengo ya mango, mayi anga ali kumbuyo ndi chitenje chawo chakutchalitchi. Dalitso anafika, thukuta likuchucha pansi pa chitini, n'kufuula kuti nditsegule. Sindinatsegule. Atafuulanso ndinapingasa nthungo, n'kuyankha m'Chichewa, mokweza kuti ogulitsa mandasi omwe amve: "Dzulo unali uko. Bwerera komweko!" Anthu anafa nalo phwete. Kavalo anagawika pakati, chitini chinagubuduka mpaka pamapazi pa ahedi. Iwo sanaseke. Ndinalandira zikoti, ndiponso sabata yathunthu yokumba dzenje la zinyalala panthaka youma ngati mwala. Pobwerera kunyumba ndikudzitama, mayi anangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chaka chotsatira sukulu ndinaisiya, ndipo palibe mphunzitsi anabwera kudzafunsa.

Nthungo ija inanditsatira mpaka ku Doha, m'dziko la Aluya. Ndakhala mlonda pachipata cha mafulati ku Al Sadd, ndipo korona itavuta eni nyumba anadzitsekera mkati, ife tili panja ndi masiki, kuloza kamakina koyezera kutentha pamphumi pa aliyense. Kenako lamulo linasintha, munthu n'kutha kuchoka pakampani popanda kupempha kalata kwa abwana. Ndinapereka notisi. Asupavaiza athu, bambo wachikulire wa ku Mangochi, anandikokera pambali. "Mphwanga, anakukweza ndege ndani? Usakhale wosayamika." Ndinawayankha mwaulemu, ndi liwu la Chiarabu, kuti khalasi, bambo, zatha.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndinatsekera Dalitso chifukwa chonyansidwa ndi kupanduka. Ayi. Chinandiwawa n'chakuti iye ankaloledwa kusintha mbali, ine osaloledwa. Mzungu uja anasintha mbali kawiri konse, anthu n'kumulembera buku, ana a ku Balaka n'kumamuvalira chitini kumutu. Ine ndasintha kamodzi kokha. Wofuna kupachika mlonda abwere ndi chingwe chakechake, andipeza ku Al Mirqab, mu Doha momwemuno, pachipata chomwe ndasankha ndekha.