Chibwenzi cha Priska cha Kuphiri

Nkhani inayambira pa mjigo: akuti Priska, mkazi wa Lorenso, ali ndi chibwenzi kuphiri. Nanenso ndinayamba kukhulupirira pang'ono. Nanga munthu n'kumatsika phiri lonselo akuseka?

Priska ndi wa konkuno ku Makhuwira. Zaka khumi ndi zitatu tsopano, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, amasenza milamba youma kukwera nayo ku Thekerani, n'kutsika ndi nthochi. Ana ake anayi akula ndi dengu limenelo, ndipo tsitsi la paliwombo linatha kalekale ndi nkhata.

Mwini mphekeserayo anali mlamu wake Evelesi, mlongo wa Lorenso, mayi amene phirilo amangolionera pakhonde. Lorenso atamva anaitana ankhoswe kuti Loweruka Priska asankhe, banja kapena phiri.

Priska sanalire. Anapita kwa Evelesi akumwetulira.

"Alamu, Lachisanu tipitire limodzi mukamuone ndi maso anu. Mudzakhale mboni."

Evelesi anatchena ngati wopita ku ukwati, bulauzi yopyapyala ndi nsapato zatsopano zapulasitiki. Kuchigwa kuno, ndi kutenthaku, ndani amaganiza za juzi? Priska anamuyang'ana, n'kupinda juzi yake m'dengu.

Ananyamuka kukucha. Pofika pamwala pomwe amalonda amapumira, nsapato zija zinali m'manja. Shire ankaoneka kumunsi ngati ulusi. Kenako chiperoni chinawakuta, mano a Evelesi n'kuyamba kugundana.

"Sitinafikebe?"

"Mwamuna wabwino sakhala pafupi, alamu."

Kwa a Hannah, mayi amene amamugulitsa nthochi, Priska analoza mkoko wa nthochi waukulu kuposa yonse.

"Ndi ameneyu. Amandidyetsa, amandiveka. Lero mumusenze ndinu."

Evelesi anavomera, poganiza kuti kutsika n'kupuma. Sankadziwa kuti phiri limaluma pobwerera. Priska amatsika chammbali, zala zakuphazi zitagwira dothi. Evelesi analunjika ngati akuchokera ku mjigo, ndipo anakhala pansi katatu asakufuna. Nthawi zonse ankapeza Priska akumudikira patsogolo, ali mu juzi, akutafuna chinangwa.

"Musamugwetse, alamu. Akavulala sagulika."

Anafika dzuwa likulowa, Evelesi akukoka miyendo, chitenje chili matope okhaokha.

M'mawa mwake ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa nimu, ife aneba tikusesa pabwalo posesa kale. Mboni osaoneka. Lorenso anachita kukamutenga panjinga, ndipo potsika anamugwira anthu awiri. Kukhala pamphasa kunakanika, anangoima atakumbatira mtengo.

"Nena, mlongo," anatero Lorenso. "Unamuona?"

"Ndinamuona, achimwene. Ndi nthochi."

Lorenso anayamba kuyang'ana nyerere. Ankhoswe anati ngati zili choncho nkhani yatha, banja lilipo, phiri lilipo, Evelesi angopepesa.

"Pepani, alamu," anatero Evelesi ali chiimire.

"Kwathu kuno wopepesa amagwada," anatero Priska mofatsa. "Koma ngati simunakhutire, Lachiwiri tikayang'anenso."

Evelesi anausiya mtengo uja. Anayamba ndi bondo lamanzere, pang'onopang'ono, akuluma mlomo. Priska sanamufulumizitse. Anasenda nthochi imodzi, n'kuidya yonse bondo lachiwiri lisanafike pansi.