Ndinkati Mwana Alibe Msana

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupundula mwana wanga ndi pakamwa pangapa. Sindinamumenye, sindinamumane chakudya. Ndinkangomuseka akandiuza kuti msana ukumupweteka. Lero akuyenda, akuthamanga, ndipo ndikulemba izi mtima uli m'malo, koma ndikufuna mumve mmene zinayendera kuti musadzatengere ine.

Kwathu ndi ku Phalombe, koma ine ndi amuna anga tinabwera kuno ku Mchinji kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina cha ku Mavwere. Amene analimapo fodya akudziwa mmene ntchito imeneyi imathyolera msana. Kuthirira nazale ndi makheni awiri m'manja, kuwokera, kupalira, kuthyola, kenako kukhala chowerama m'chigafa kusoka masamba mpaka dzuwa kupendeka. Ndikaweruka, mankhwala anga anali amodzi okha. Ndinkagona chafufumimba pamphasa n'kuitana mwana wanga woyamba, Filesi, kuti azindiponda kumsana. Iye ankagwira khoma ndi dzanja limodzi n'kumayenda pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kukafika m'mapewa, ine ndikubuula ndi kukoma. Mapazi a mwana ameneyu ndinkawadziwa ngakhale nditatsinzina.

Filesi anali mu sitandade faifi pamene anayamba kudandaula. Inali nyengo ya nazale, ndipo akachoka kusukulu ankatithandiza kutunga madzi kudambo. Tsiku lina anatula kheni pansi n'kunena kuti msana ukumuwawa. Ine ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Iwe msana unautenga kuti? Msana ndi wa ife akuluakulu. Nyamula kheniyo, fodya akufota!"

Mmenemo ndi mmene mayi anga ankandiyankhira ndili wamng'ono, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti mwana alibe msana woti n'kudwala. Akati msana, ndiye kuti ulesi wamugwira. Nkhaniyi ndinakaifotokozanso pamjigo, amayi anzanga n'kufa nazo kuseka. Ine pakamwa ndine wakuthwa, ndimadzidziwa, moti ndinamupatsa ndi dzina lomwe. Ndinkamuti agogo.

Ndipo ankaonekadi ngati agogo. Supuni ikagwa pansi sankawerama ngati ana anzake, ankanjuta msana uli chilili, dzanja limodzi atagwira bondo. Anasiya kusewera fulaye, masewera amene kale ndinkachita kukamukoka ndi khutu kuti awasiye. Chakudya ankangochitola, madiresi anayamba kumukhwepa, ndipo m'mawa chofunda chake chinkapezeka chonyowa ndi thukuta. Zonsezi maso angawa ankaona. Ndinkangomugulira mapiritsi opha ululu pagolosale, ndikuganiza kuti ndi timalungo. Mwanayo ataona kuti kulankhula kukungomubweretsera chipongwe, anatseka pakamwa, ine n'kumati wachira.

Mvula inagwa, fodya anakula, tinayamba kuthyola. Madzulo ena dzuwa lisanalowe ndinagona pamphasa paja n'kumuitana. Anachedwa kukwera, ine ndinamukalipira. Atakwera ndinamva zachilendo. Phazi lamanja linaponda bwinobwino, koma lamanzere linkangokhwekhwereza, likunjenjemera, ngati si lake. Asanafike n'komwe pakati pa msana wanga anagwa pansi, khu! Sanalire, anangoluma mlomo.

Ndinamuvula bulauzi kuti ndione pamene wavulala. Pakati penipeni pa msana panali fupa lotumphuka, lolimba ngati mfundo ya nzimbe. Nditalikhudza anakuwa. Ndinamufunsa kuti chimenechi chinayamba liti, ndipo anandiyang'ana m'maso.

"Ndinakuuzani kalekale, amayi. Pano miyendo ikumachita dzanzi."

Inu owerenga, mawu amenewa anandilasa mumtima. Manyazi ndi mantha zinandigwira nthawi imodzi. Miyezi yonseyi ndinkakweza mwana wodwala msana kuti aziponda msana wanga ine.

Anthu sanachedwe kubwera ndi nzeru zawo. Ena anati tikamuteme mphini pafupa lotumphukalo, ena anati waponda mankhwala kudambo. Amuna anga sanakane za chipatala, koma anati tidikire kaye tithyole fodya amene anali atapsa m'munda, poti akapitirira amawonongeka. Apa ndiye pakamwa panga paja panagwira ntchito yabwino kamodzi. Ndinawauza kuti fodya tidzawokera wina chaka chamawa, koma miyendo ya mwanayu ilibe nazale. M'mawa mwake ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje, mtsikana wamkulu miyendo ili lendelende, anthu akundicheukira m'njira monse. Ndinayenda naye mpaka kumsewu kumene tinapeza kabaza.

Kuchipatala chaching'ono atangomuona anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamujambula msana ndi kumuyeza zina ndi zina, kenako adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mwanayo ali ndi TB ya mafupa a msana. Ine ndinatsutsa pomwepo, ndinati mwana wanga sakhosomola. Adokotalawo anandifunsa modekha ngati pakhomo pathu panakhalapo munthu wa chifuwa chosatha. Ndinakumbukira alamu anga amene tinakhala nawo m'nyumba imodzi chaka chapitacho, amene ankakhosomola mpaka kubwerera kumudzi. Adokotalawo anandifotokozera kuti tizilombo ta TB timalowa ndi mpweya, koma nthawi zina timakakhazikika m'mafupa n'kumawadya mwakachetechete. Fupa likafumbwa limapanikiza mitsempha yopita kumiyendo, n'chifukwa chake phazi lija linkakhwekhwereza. Anati tikanadikira kuti fodya athe, mwina Filesi sakanadzayendanso.

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ngati achire. Anati mankhwala alipo, ndi aulere, koma ndi oti amwe tsiku lililonse kwa miyezi yambiri osadumphitsa. Ndinawauza kuti zimenezo andisiyire ine.

Ndipo ndinaigwiradi ntchitoyo. Filesi atatuluka m'chipatala, m'mawa uliwonse ndisanagwire khasu ndinkaima pamaso pake mpaka ameze. Mkodzo wake unasanduka wofiirira, koma adokotala anali atatichenjeza kale kuti mankhwalawo amatero, choncho sitinadabwe. Kheni, ndowa, kubereka mng'ono wake, zonse ndinamuletsa. Mazira a nkhuku zanga amene kale ndinkagulitsa ankathera m'mbale yake, pamodzi ndi phala la nsinjiro. Tonse a m'nyumba tinakayezetsa. Thupi litayamba kubwerera, Filesi anayamba makani, ankati wachira ndipo mapiritsi amutopetsa. Anaiwala kuti makaniwo anayamwira kwa ine. Anamwa mpaka tsiku limene adokotala okha ananena kuti basi, pafupifupi chaka chathunthu.

Dzanzi lija linayamba kuchoka pang'onopang'ono. Poyamba ankayenda atagwira khoma, kenako ndi ndodo, kenako ndodoyo tinaisonkhezera pamoto. Amuna anga, amene anathyola okha fodya yense wotsala chaka chimenecho osadandaula, ndi amene ankamuyendetsa pabwalo ndi kumuchititsa timasewera tolimbitsa miyendo timene anatiphunzitsa kuchipatala.

Nanenso ndinapindula nawo. Mayi wina wophunzitsa timasewerato ataona mmene ndinkadzukira pabenchi, anandifunsa za msana wanga. Anandiuza kuti wanga ndi wa ntchito, si wa matenda ngati wa mwanayo. Anandionetsa kunyamula katundu popinda mawondo m'malo mowerama, katunduyo ali pafupi ndi thupi, ndiponso kugawa mtolo waukulu pawiri. Anati posoka fodya ndizikhala pokwera ndi kumaimirira pafupipafupi kudziwongola, msana ukawawa ndiziuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, ndipo ndisamangogona tsiku lonse chifukwa kuyendayenda kumaumasula. Za kupondedwa ndi mwana anandiletseratu. Amuna anga anandikhomera kabenchi m'chigafa. Amayi anzanga ankati ndayamba uzungu, koma pitani lero mukawerenge mabenchi m'chigafa chimenecho.

Mwezi wathawu sukulu ya Filesi inkasewera mpira wamanja ndi sukulu ina yoyandikana nayo. Ine ndinapita, ndinaima kumbuyo kwa anthu. Ndinamuona mwana wanga, yemwe uja ndinamubereka miyendo ili lendelende, akudumpha kuwakha mpira m'mwamba n'kutera ndi mapazi onse awiri, nji! Atauponya n'kulowa, sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo ndikululuta, duku lili m'manja, aphunzitsi akundiimbira wezulo kuti ndituluke. Filesi anathamanga kudzandikumbatira, akuseka.

"Amayi, nanga msana wanu uja mwausiya kuti?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Dzanja langa linali kumsana kwake, ndipo kafupa kotumphuka kaja ndinakamva pansi pa malaya. Adokotala anati kameneko sikadzachoka. Sikamupweteka, koma ine kamandikumbutsa miyezi imene ndinataya ndikuseka.

Inu owerenga, makamaka makolo anzanga a m'minda, mwana ali ndi msana, ndipo umadwala. Si kuwawa kulikonse kumene kuli TB, nthawi zina ndi katundu amene timawasenzetsa woposa msinkhu wawo, ndipo ameneyo tiwachepetsere. Koma ululu ukakhalitsa, mwana akuonda, akutuluka thukuta pogona, akulephera kuwerama kapena miyendo ikuchita dzanzi, musadikire kuti ntchito ya kumunda ithe, musatemere mphini, thamangirani kuchipatala. Ngakhale inu akuluakulu, zizindikiro zimenezi si zopirira. Ine ndinapeza mwayi, mwana wanga anagwa pamaso panga nthawi ikadalipo. Wanu akadzati msana ukuwawa, tulani zimene mwanyamulazo, mumuvule malaya, muone.