Zenera la Mlongo Wanga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamkeka. Azimayi a kumpingo amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atatsitsa mawu. Ndinapemphera pang'ono, kupempha mphamvu zoperekezera bwino mlongo wanga wamkulu, a Marita, amene kwa zaka zambiri ankagulitsa matikiti pazenera la salau ya zisudzo kuno ku Cuamba.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale pamafuwa anayi. Kunali nkhungu, ndipo anthu ankaotha moto akudikira tiyi. Pakati pawo ndinaona mkulu wa salau, mayi wachitsikana amene chaka chatha anabweretsa njira yogulira matikiti pafoni. Munthu amagula ali kwawo, pakhomo kamakina kamangowerenga chizindikiro. Sindinamuimbepo mlandu mayiyu. Mizere yaitali inatha, ndipo a ku Mandimba sankayendanso ulendo wonsewo n'kudzapeza malo atatha. Koma tonse tinkadziwa kuti zenera analisiya lotsegula polemekeza a Marita, ndipo tsopano alitseka.

Ine ndinali ndi mantha angaanga. Mkazi wanga atamwalira ndinasiya kutuluka, kupatula Lamulungu. A Marita ndiwo anandikokera ku salau. Loweruka lililonse ankandipatsa mpando wakumapeto mumzere wachinayi, ndipo woyandikana nawo, pomwe ankakhala mkazi wanga, sankaugulitsa. Sitinakambiranepo za zimenezi. Za foni zitabwera, anapempha kuti mizere ingapo ya mipando ikhalebe m'manja mwawo, poti foni imangopereka nambala yotsatira.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Maminibasi awiri otchedwa chapa anatsitsa a ku Mandimba. Alimi a fodya a ku Ngauma anabwera panjinga zamoto, atatuatatu. Azimayi a ku Etatara analowa ali mumzere, atavala nsalu za kapulana zofanana. Moni ankamveka m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. Mabenchi a kutchalitchi anachepa, ndipo ndinada nkhawa kuti khamu lotere aliika ndani m'malo, mwini ntchitoyo atagona m'bokosi.

Ndili chilili ndinaona bambo wina akugwira dzanja nkhalamba ina, kuitsogolera kufupi ndi pomwe abusa adzaime.

“Awa ndi akutsogolo,” anatero. “Khutu lakumanzere silimva.”

Azimayi a makanda anawasiyira malo a kuchipata kuti asavutike potuluka. Abale awiri amene akhala akukangana za malire a munda chibwerereni kuchokera ku Malawi anafika pamodzi mwangozi, ndipo anthu anawalozera, wina uku wina uko, monga ku salau. Eni akewo anaseka. Bambo wina wamtali atafuna kukhala patsogolo, mayi wina anamukoka malaya.

“Bambo, mutu wanuwo wakhala ukutibisira zisudzo. Lero musatibisire bokosi.”

Pamaliro panamveka kuseka, ndipo sindinaone cholakwa. Mkulu wa salau anali pambali panga, akuyang'ana zonsezi. Anandifunsa motsitsa kuti a Marita anazilemba kuti. Ndinamuyankha kuti sanalembe m'buku lililonse, ankangomuyang'ana munthu kumaso ndi kumufunsa za kwawo.

Tinanyamuka masana, nkhungu itatha. Azisudzo ankalandizana bokosi, kwaya patsogolo, ng'oma za ku salau pambuyo. Njira ya kumanda imadutsa pa salau pomwepo, ndipo titafika pazenera lotsekalo mdipiti unaima wokha, popanda wolamula. Agogo ena anamasula mfundo ya kapulana, natulutsa tikiti yakale yapepala, naiika pazenera. Ena anatsatira. Ndinadabwa kuona kuti anthu ambiri chotere ankasunga timapepalati. Kumbuyo kwake kunali mawu olembedwa ndi dzanja la mlongo wanga: “kutsogolo”, “pafupi ndi khomo”, “asakhale yekha”. Mphepo itafuna kutiulutsa, mkulu wa salau anatola mwala natitsendereza, ndipo anakhala pamenepo kanthawi, misozi ili mbwembwembwe.

Kumanda abusa sanatalikitse. Tinaimba, tinathira dothi, tinabwerera.

Titasamba m'manja kunyumba, mkulu wa salau uja anadzagwada pafupi ndi ine. Anati za foni zipitirira, koma zenera silitsekedwa, ndipo mizere ija ikhalabe ya pazenera.

“Vuto ndi lakuti anthuwa ine sindiwadziwa, bambo. Inu mwakhala mukuwaona kuchokera mumzere wachinayi. Bwanji mukhale pazenerapo ndinu?”

Ndinati ndiyambe ndapemphera. Mayi uja wokoka malaya anamva.

“Pempherani msanga, bambo. Loweruka kuli gule.”

Ndinaseka koyamba tsiku limenelo, ndipo ndinalandira kiyi ya zenera kwa mkulu wa salau.

Madzulo chapa zinapita, mabenchi anabwezedwa, pamafuwa panatsala phulusa lofunda. Achibale otsala ankalankhula motsitsa kukhonde. Ndinakhala ndekha pabalaza, kiyi ili patebulo pafupi ndi Baibulo la a Marita, ndikukumbukira nkhope za tsikulo ndi malo a aliyense. Ndinakumbukira bambo wina wa ku Itepela amene anaika mkazi wake nthawi yokolola, ndipo lero anakhala payekha pansi pa mtengo wa mango. Loweruka ine ndidzakhala pazenera, choncho mpando wanga mumzere wachinayi ndidzapatsa iyeyo. Woyandikana nawo sindidzagulitsa.