Nthambo ya Foni ku Springfield

Dzulo mdzukulu wanga anayatsa kompyuta yakale yomwe anaifukula m'galaja. Fungo la fumbi lotentha lija litangondifika, mtima unandiwawanso ngati zachitika lero.

Ndinali mtsikana, nditangofika kumene ku Springfield, ku Amereka, kudzalera mwana wa achimwene. Loweruka lililonse anzawo ankalawirira kudzadzaza pabalaza, makompyuta atawatumbula mimba, akusinthana tizitsulo ndi madisiki. Aliyense katswiri! Koma Loweruka lina n'lomwe tinapangana kuti amayi ayende wapansi kuchokera kumudzi mpaka kuboma kuti akandiimbire.

Ndinadikira, foni ili zii. Nditainyamula kuti ndimve ngati ili moyo, inandilirira m'khutu ngati nkhumba yogwidwa mwendo.

"Iwe, ika pansi!" anakuwa achimwene. "Tikukoka pulogalamu ya kompyuta kwa mnzathu wa ku College Park kudzera pa foniyo!"

Mnzawo wa ku Zambia anaseka. "Sisi, kompyuta ikali kukamba pa foni. Yembekezani isilize."

Ha! Chibokosi chizicheza, mayi wondibala ali chiimire padzuwa? Ndinatsitsa mwana kumbuyo, n'kukwawira kuseri kwa tebulo, n'kuzula nthambo yawoyo. Pabalaza panabuka maliro.

"Watiwonongera zonse, mbuli iwe!" anakalipa achimwene.

Asanamalize kundinyoza, foni inalira. Ndinaithamangira.

"Mwana iwe," anatero amayi, mawu akumveka patali, "kuno dzuwa lapendeka, chala chatupa n'kuimba, foni yako ikungomveka kuti pali wina akulankhulapo. Wapita dzana lomweli, wapeza kale wocheza naye tsiku lonse?"