Nkhope ya apongozi anga

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Misuku, komwe ananditumiza kukaphunzitsa. Lamulo loyamba limene azakhali a mwamuna wanga anandipatsa linali lakuti mkamwana sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna. Ukakumana nawo panjira umapatuka, powapatsa chakudya maso amakhala pansi. Lamuloli ndinalisunga kuposa eni ake, poopa kuti anganene kuti obwera alibe mwambo. Apongozi anga ndinkawadziwira mapazi ndi mawu basi.

M'mawa wina m'nyengo yothyola khofi, onse atapita kumunda, ndinawapititsira tiyi pakhonde. Ndinagwada n'kuika kapu pafupi ndi mapazi awo. Sananene "yewo" wawo wothokoza monga mwa masiku onse, anangong'ung'udza. Ndinati mwina shuga wachepa, n'kubwerera kukachapa. Masana azakhali ndiwo anakuwa, atapeza pakamwa pa apongozi patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende, tiyi atazizira m'kapu.

Kuchipatala cha paboma anati ndi sitiroko, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda kukajambulitsa mutu. Mwamuna wanga anali ku Joni, apongozi aakazi maso awo ndi a ng'ala, choncho woperekeza ndinali ine.

Dokotala anandifunsa kuti pakamwa panapotoka nthawi yanji. Ndinati sindikudziwa.

"Munali kuti, mayi?"

"Ndinali pompo."

Anandiyang'ana ngati chitsiru. Zinandipweteka, koma sindinaone poyambira kufotokoza.

Anawabaya mankhwala oonetsa mitsempha n'kuwalowetsa m'makina ojambulira. Atatha anandiitanira pakompyuta. Anandilozera mtsempha waukulu wa kumanzere kwa ubongo pamene unatsekeka, kenaka timitsempha tina tating'ono, tambirimbiri, tochokera m'mbali, timene tinkalambalala potsekekapo n'kumafikitsa magazi pang'onopang'ono.

"Agogowa ali ndi mwayi," anatero. "Si onse ali ndi timitsempha totere. Pakanapanda timeneti, ndi mmene mwachedweramu, mbali yaikulu ya ubongo ikanafa. Koma musatidalire. Zikayambanso muthamange nawo. M'mawa uliwonse wina aziwayang'ana kumaso, aziwauza kuti amwetulire."

Ndili m'basi pobwerera ndinaseka ndekha. Ndinali nditaona m'kati mwa mutu wa munthu amene ngakhale mphuno yake sindinkaidziwa.

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Azakhali ankakhala kutsidya kwa chigwa, sakanatha kubwera tsiku ndi tsiku, komabe anati mwambo ndi mwambo, aziwayang'ana anthu a mpingo akabwera kudzapemphera Lamulungu. Ndinafunsa ngati sitiroko nayo imadikira Lamulungu. Anati pakamwa panga m'pamene panafunika kupotoka. Ndinapitiriza kupereka tiyi maso ali pansi, khutu lili tcheru kumvera ngati "yewo" uja atuluke bwino. Ndinkachita mantha kwambiri.

Mawu a apongozi ankabwerera mochedwa, limodzilimodzi. Tsiku lina nditaika kapu n'kuyamba kudzuka, ndodo yawo inagogoda pansi patsogolo panga.

"Mkamwana," anatero movutika. "Zani kuno. Mundione."

Ndinakweza maso. Anali munthu wa nkhope yaing'ono, wa ndevu zoyera zapatalipatali. Anamwetulira monga ananenera dokotala, mbali imodzi ikutsalira pang'ono. Pakati pa mano awo akutsogolo panali mpata womwe uja wa mwana wanga wamkazi, umene abale anga ku Ntcheu akhala akundifunsa kuti anautenga kwa ndani.