Shuga amene sali m'paketi

Tadala anayamba ndi kutupa manja. Munali mu Febuluwale, nthawi yosoka fodya, iye atangoyamba kukwawa. Mpaka lero ndimachionabe chigafa chathu chija kwa Mwase, fungo la fodya wamuwisi, mwana ali pathumba pambali panga akukoka ulusi wanga, akuseka ndi timano tiwiri. Tsiku limenelo sanakoke ulusi. Tizala tinali titatupa, totentha, ndikangokhudza ankalira mpaka mawu kutha. Apongozi anga anati ndi tsempho, nayang'ana mwana wawo ndi diso loipa. Bambo ake a Tadala anangotulutsa njinga.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Anatigoneka, namuika diripi, natenga magazi ena. Ine maso anali pachifuwa pake basi, kuona ngati chikukwera ndi kutsika. Mayi wina wa ku Nkhamenya, amene tinayandikana bedi, ankandigwirira mwana kuti ndikasambe, akumuimbira m'Chitumbuka. Sindinamuonenso, koma ndimamusowa.

Zotsatira zitabwera anati ndi siko selo, matenda obadwa nawo opinditsa magazi ngati chikwakwa. Adokotala anayang'ana manja anga akuda ndi phula la fodya, nati: "Mayi, m'magazi muli asilikali oyera. Pathupi pawo pali timashuga tomata ngati phula lanuli, kuti pena pakatupa azitha kugwira m'mitsempha ndi kumenya matenda. Mwa Tadala amamata mopitirira, magazi ake opindika aja amakodwa pomwepo, njira n'kutsekeka. Ululu ndi umenewo."

Pa zonsezo ine ndinangomva mawu amodzi: shuga. Azakhali anga anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga. Kufunsa ndinaopa.

Titabwerera kumudzi ndinachotsa shuga m'phala. Nthochi ayi, mbatata ayi. Inenso tiyi ndinkamwa wopanda kanthu, poopa kuti kutsekemera kudutsira m'bere. Mwana anayamba kukana phala, kutseka pakamwa, masaya kulowa. Ndinkangoti matenda aja akukula, ndipo ndinkalira ndekha kuseri kwa chigafa.

Pofika mu Epulo, kusikelo, anamwino anaona kuti Tadala watsika, nandifunsa zimene akudya. Nditawafotokozera za shuga amene ananena adokotala uja, anagwira pakamwa. "Aa, amake Tadala! Shuga ameneyo si wa m'paketi, munthu amabadwa naye. Inenso ndili naye, inunso muli naye. Mwanayu ali ndi njala." Anatenga shuga wawo wa tiyi, nathira m'phala lomwe ndinanyamula. Tadala anatsegula pakamwa yekha.

Lero ali sitandade wani. Siko selo sichoka, koma timaidziwa. Amamwa mankhwala ake tsiku lililonse, madzi ambiri, kugona m'neti, ndipo mphepo ya Juni ikayamba juzi savula. Thupi likangotentha sitidikira mawa. Apongozi ndiwo amayamba kufunafuna njinga.

Amayi anzanga, mukaona manja kapena mapazi a khanda atupa, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo adokotala akanena mawu amene akuwopsani, musatuluke nawo m'chipinda. Funsaninso, ngakhale muchite manyazi.

M'mawa uno Tadala wadzithirira yekha shuga m'phala, supuni yodzaza, akundiyang'ana ngati ndimuletsa. Ine sindimayang'ana supuniyo. Ndimayang'ana zala.